Amayi ankasowa, apolisi ali phee

Abale anga, mlandu wa Robert Pickton wa ku Canada umandiwawa mpaka lero. Bamboyu ankaweta nkhumba ku Port Coquitlam, kufupi ndi Vancouver. Mu December 2007 khoti linamupeza wolakwa pa kupha amayi 6 ndipo linamulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse. Milandu ina 20 inaimitsidwa mu 2010, mabanja a amayiwo osamva chigamulo chilichonse. Iye mwini anauza wapolisi amene ananamizira kukhala mkaidi mnzake kuti anapha amayi 49.

Mlandu uli mkati, pakamwa pa anthu panali zoopsa za pafamupo basi. Ine chimandipsetsa mtima n'china. Amayi ankasowa ku Downtown Eastside, dera la anthu osauka mumzinda wa Vancouver, chaka ndi chaka, achibale akapita kupolisi n'kumauzidwa kuti anthu otere amangoyendayenda, abwera okha. Anali osauka, ena oyendayenda, ena akapolo a mankhwala osokoneza bongo, ambiri ochokera mwa eni nthaka a dzikolo. Nanga ameneyo si mwana wa munthu?

Mu 1997 mayi wina anathawa pafamupo atabayidwa ndi mpeni, magazi okhaokha. Mlandu umene Pickton anazengedwa pa nkhaniyi unathetsedwa poti umboni wa munthu wa mankhwala ati sungadalirike. Pickton anadzamangidwa mu 2002, amayi enanso atapita kale.

Mu 2012 kafukufuku wa boma wotsogoleredwa ndi Wally Oppal, yemwe kale anali jaji, anapeza kuti apolisi analephera moonekeratu. Pickton anafa mu May 2024 atavulazidwa ndi mkaidi mnzake. Ena anapumira m'mwamba, koma mabanja ena analira kuti wapita asanaulule kumene kuli ana awo.