Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Kanola wa ku Caledon

Zikomo nonse amene mwakhala mukufunsa kuti nkhani ya ku Cape inathera pati. Tinalekezera paja malume anandikweza basi pa Park Station ku Joni, ganyu ya ku Mayfair itatha.

Famu ya kanola imene ndinakagwirako ntchito inali kufupi ndi tauni ya Caledon, m'dera la Overberg. Ndinafika mu Ogasiti, minda yonse ili maluwa achikasu okhaokha. Kanola ndi m'bale wake wa repu ndi mpiru, koma kumeneko sathyola masamba. Amafuna njere zoyengera mafuta ophikira, ndipo zambiri zimapita kufakitale ya ku Swellendam. Amafesa mu Epulo kapena Meyi poti mvula yawo imagwa nthawi yozizira, kukolola ndi Okotobala mpaka Novembala.

Mbewuyi sichedwa kukulangiza umphawi. Ikaumitsa, mphepo ikangowomba makoko amathetheka, njere zonse mbwee pansi. N'chifukwa chake tinkayamba taidula n'kuigoneka m'mizere kuti iume, makina okololera n'kudzatola pambuyo. Tinjere take n'takuda, tating'onoting'ono, timatuluka ngati madzi pamng'alu woti chimanga sichingadutse. Ntchito yanga yoyamba inali kumata tepi m'ngolo za thirakitala.

Tsono alamu anga, mumve bwino apa, poti ndinu munafalitsa kumudzi kuti anandichotsa chifukwa cha kuba.

Kanola salowa m'nkhokwe chinyezi chikapitirira cha m'ma 8 peresenti. Tsiku lina kunachita mitambo, kapitawo n'kulamula kuti tithire msangamsanga. Kamakina koyezera kanali m'manja mwanga. Ndinawaonetsa nambala, ndinati, "Bwana, sanaume uyu." Anangondikankhira pambali.

Patapita masabata, fungo linayamba. Nditapisa mkono, mkati munali motentha, njere zitagwirana zibuma, zina zitapserera. Kanola wonyowa amadzitenthetsa yekha, mafuta ake n'kuwonongeka, ogula n'kumukana.

Anatiimika tonse pabwalo. Kapitawo ankalankhula Chiafrikaans ndi mwini famu, ine ndinkangomva dzina langa ndi kuona chala chikundiloza. Anzanga amene analipo tsiku lija, amene tinkadyera limodzi nsima madzulo aliwonse, maso anali pansi. Sindiwada, aliyense anali ndi ana omudikira kwawo. Koma mmodzi yekha akanati atsokomoleko. Ndinayesa kufotokoza m'Chingerezi changa chothyokathyoka, mawu n'kundithera pakhosi. Envulopu imene anandipatsa inali yoperewera, akuti adula za kanolayo.

Ena mwafunsa kuti bwanji sindinakadandaule ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito. Abale, mapepala anga panthawiyo anali atatha. Ndikanalowa pakhomo liti?

Ndinabwerera ku Joni, zaka n'kumadutsa ndikugona pansi m'chipinda cha malume ku Rosettenville. Za mmene ndinakumanirana ndi mayi a ana anga patchalitchi cha ku Turffontein, mudikire Lachisanu.