Thovu la m'matope a Linthipe lagwidwa m'botolo

Loweruka lapitali botolo linayaka, anzanga. Kamoto kabuluu, masekondi awiri okha, koma pa ine kanatseka mtsutso wa milungu itatu. Mizere imene ndinkaiona pa sikirini ya sonar, chipangizo choonera pansi pa madzi pogwiritsa ntchito phokoso, kufupi ndi pamene mtsinje wa Linthipe umathira m'nyanja ya Malawi si nsomba ayi. Ndi thovu la methane, mpweya woyaka moto wotuluka m'matope, umene ndinautolera m'botolomo.

Chipangizo changa ndi ka Garmin Striker 4 kamene alamu anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg, 77 ndi 200 kHz, batire ya njinga yamoto, transducer (kachida kotumiza ndi kulandira phokoso m'madzi) pa paipi yomangirira kumbali kwa boti la matabwa. Chinayamba kundidabwitsa ndi pansi penipenipo. Pa mamita 8 kapena 9, pansi pankaoneka polimba ngati thanthwe, mzere wokhuthala wofiira, ndipo kunsi kwake kunkabweranso mzere wachiwiri pa kuya kowirikiza kawiri. Koma tikaponya nangula, ankatuluka ndi matope akuda, ofewa ngati phala, onunkha. Matope ofewa amayenera kumeza phokoso n'kubweza kamzere kofooka. Apa thovu lotsekeredwa m'matopemo ndi limene limabweza phokoso lonse, chifukwa mpweya ndi madzi n'zosiyana kwambiri kulemera kwake. Akafukufuku okhala ndi sub-bottom profiler, chipangizo choonera mkati mwa matope a pansi pa madzi, amaona zomwezi m'njira ina: pamene pali mpweya, zigawo za matope za kunsi zimangofufutika pa chithunzi.

Chimene chinandidyera masiku ndi mizere yopendekeka yokwera kuchokera pansi. Amalume amene amandiyendetsera boti, omwe akalambira pa nyanja imeneyi, anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Bambo, ameneyo ndi usipa, musataye mafuta." Ndipo sindikanawatsutsa. Nsomba imaoneka pa sonar chifukwa cha kathumba ka mpweya kamene kali m'mimba mwake, ndiye kwa chipangizo, nsomba ndi thovu n'zapachibale. Ngakhale mphutsi za nkhungu zili ndi timatumba ta mpweya, usiku zikakwera zimadzaza sikirini ngati fumbi. Kuwonjezera apo mwera unali utayamba, boti likungotengeka, ndipo injini ikamalira thovu la pulopela linkadutsa pansi pa transducer n'kuipitsa chilichonse. Maulendo anayi ndinabwerera ku Senga Bay ndi mavidiyo a pafoni osathandiza kanthu.

Nzeru inachokera kwa amalume omwewo. Anati tinyamuke mbandakucha mphepo isanadzuke, timange anangula awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, injini tizimitse. Boti litangoima nji, nkhani inasintha. Nsomba zinasanduka mizere yopingasa, yokhotakhota, ikubwera n'kupita mmene ikufunira. Koma mizere ina inkayambira pansi penipeni n'kukwera mowongoka, yonse yopendekeka mofanana, mpaka pamwamba. Ndinawerenga ndi wotchi: mamita 9 pa masekondi pafupifupi 40, ndiye kuti masentimita opitirira 20 pa sekondi, liwiro lomwe thovu la mamilimita ochepa limakwera nalo. Usipa sukwera pa liwiro limodzi chotero, onse ngati alangizana. Titagwedeza chingwe cha nangula, mizere inabuka yambirimbiri, kenako thovulo tinaliona ndi maso likuphulika pambali pa boti.

Chotolera thovulo n'chosavuta: beseni lapulasitiki loboola pakati, lozondotsa, botolo lodzaza madzi pamwamba pake, miyala itatu yolemeretsa. Mabeseni abwino ndi a mayi wina wa mumsika wa ku Salima, okhuthala, osang'ambika ukamaboola ndi msomali wamoto; kwa iwo ndi komwe ndinagula zigubu za msampha wa matope chaka chatha, umene unandionetsa kuchuluka kwa dothi la kumtunda kwa Dedza ndi Lilongwe lomwe Linthipe amabwera nalo m'dzinja. Dothilo limabwera ndi masamba, mapesi ndi bango, zonse n'kukwiririka pomwe palibe okisijeni, tizilombo n'kumazidya n'kumatulutsa methane. Poyatsa tinadikira kufika kumtunda, kutali ndi thanki ya petulo. Musayatsire m'boti, chonde.

Ndikaganiza kuti nyanjayi imazama mamita pafupifupi 700 kumpoto, ndipo kupitirira mamita 200 ndi kanthu madzi ake alibe okisijeni, ndimaona kuti ine ndikungokanda pakhomo. Asayansi anaboola matope a pansi pa nyanja ino mu 2005, ndipo maenje amene mpweya umasiya pansi pa madzi, omwe amawatcha pockmarks, anafotokozedwa koyamba mu 1970 kufupi ndi Nova Scotia ku Canada. Pa 200 kHz ndinaona tizigwa tiwiri tozungulira pafupi ndi malo athuwa, takuya ngati theka la mita, ndipo mtima wanga ukuti ndi tomweto.

Mwera ukaleka ndikufuna kulemba malo onse a thovu pa GPS kuyambira ku Linthipe mpaka ku zilumba za Maleri, kenako Chia, komwe matope ake ndi akuda kuposa kuno. Ku Nkhotakota kulinso akasupe otentha a Mawira, ndiye m'mphepete mwa kumeneko ndikufuna ndikapime kutentha kwa madzi a pansi. Ndayambanso kufunsafunsa za side scan yakale, sonar yoonera pansi pa madzi mbali zonse ziwiri za boti, ngati alipo amene akugulitsa.