Endive: chomwe chimatayika pothawa kuwawa

Pa maphunziro a kadyedwe omwe ndikuchita tafika pa ndiwo zamasamba zowawa, ndipo yomwe yandikhalitsa pansi ndi endive. Ndi m'bale wake wa letesi ndi mpendadzuwa, onse a banja la Asteraceae. Mtundu wa Cichorium endivia uli pawiri: frisée wa masamba opyapyala opiringizika, ndi escarole wa masamba otambalala amene sawawa kwambiri. Palinso witloof, amene ena amati endive wa ku Belgium, koma ameneyu ndi Cichorium intybus, chikole (chicory), chomera chomwe mizu yake imakazingidwa n'kusakanizidwa ku khofi.

Kalimidwe ka witloof n'kodabwitsa. Mlimi amayamba walima chikole pabwalo kuti mizu inenepe. Kenako amazula, kudula masamba onse, n'kuika mizuyo m'chipinda chamdima, pamchenga wonyowa kapena m'madzi. Pakapita milungu itatu kapena inayi, pamutu pa muzu uliwonse pamaphuka kamutu kothinana, kosongoka ngati chimanga chosasenda, koyera ndi nsonga zachikasu. Njirayi inayambira ku Brussels m'zaka za m'ma 1800. Mpaka lero ogulitsa amaphimba timituti ndi pepala, chifukwa tikangoona kuwala timayamba kubiriwira ndipo kuwawa kumakula. Olima frisée nawonso amamanga masamba pamodzi kapena kuvundikira chomeracho masiku angapo asanakolole, kuti mtima wake uyere.

Kuwawako kumachokera ku utomoni woyera wa chomerachi, momwe muli zinthu zowawa zotchedwa lactucin ndi lactucopicrin. Ntchito yonseyi ya mdima ndi yothawa zimenezi. Koma nditaika manambala a michere pambali pa anzake ndinaona chomwe chimatayika. Magalamu 100 a endive wobiriwira wosaphika ali ndi ma microgram pafupifupi 231 a vitamini K ndi 142 a folate (mmodzi mwa mavitamini B), kuphatikizapo beta-carotene wambiri amene thupi limasandutsa vitamini A. Witloof wolemera chimodzimodzi ali ndi folate wa ma microgram 37 okha, ndipo vitamini A ndi wongonunkhiza. Onse awiri ndi madzi okhaokha kuposa 90 peresenti, ma calorie 17, faiba magalamu atatu. Tsamba lokulira mumdima silipanga zobiriwira, ndiye zambiri zomwe zimayenda nazo zimasowanso. Choncho munthu akamati endive ndi wopatsa thanzi, funso loyamba n'lakuti akunena uti.

Vitamini K ameneyu si wamasewera. Amathandiza magazi kuundana pachilonda komanso amathandiza mafupa, koma kwa munthu womwa warfarin (mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi), kudya mbale yodzaza lero n'kusiya sabata yamawa kumasokoneza mankhwalawo. Malangizo si kusiyiratu masamba, koma kudya mlingo wosasinthasintha ndi kuuza dokotala. Folate ndiye ndi wofunika kwambiri mayi asanaime komanso m'milungu yoyamba ya mimba, pamene msana ndi ubongo wa mwana zikuumbika.

Kukhitchini ndi kumene ndinaona kuti ophika anazindikira kalekale zomwe ife tikuwerenga m'mabuku. Folate amasungunuka m'madzi, ndiye wowiritsa masamba n'kukhetsa madziwo kuti kuwawa kuchoke wataya zambiri. Vitamini K ndi carotene zimafuna mafuta kuti zilowe bwino m'thupi. Tsono taonani saladi ya ku Lyon: frisée wosaphika, tizidutswa ta bekoni totentha, viniga, dzira lofewa pamwamba. Yolk, kachikasu ka m'kati mwa dziralo, ikasweka imayenderera m'masamba opiringizikawo, mchere ndi mafuta n'kuphimba kuwawa popanda kutaya kanthu. Ku Netherlands amaduladula endive bwinobwino n'kumuvundulira m'mbatatesi zopota zotentha, amangofota pang'ono osapsa. Ku Italy escarole amalowa mu supu ya nyemba zoyera ndi adyo, ndipo poti msuziwo umamwedwa, chomwe chasungunuka sichipita kudzala.

Witloof sindikumunyoza ayi. Akamukulunga ndi hamu, kumuthira msuzi wa tchizi n'kumuika mu uvuni monga amachitira ku Belgium, ndi chakudya chokoma ndithu. Ofuna kuchepetsa kuwawa amakolowola kamtima kolimba ka kutsinde asanaphike. Koma pa ntchito yomwe atipatsa m'kalasi, yolemba ndandanda ya chakudya cha mayi woyembekezera, ndaikapo escarole, masamba akunja obiriwira kwambiri aja amene anthu ambiri amathothola n'kutaya.