Chiswe chinatumiza agogo ku Burma

Matenda anga ndi mapepala akale a asilikali a Keyala, kapena kuti King's African Rifles. Anzanga amatolera ngongole, ine ndimatolera zikalata zomwe asilikali ankalandira potuluka usilikali, timapepala tobwera ndi mamendulo, chilichonse chachikasu chonunkha mphemvu. Mayi akunyumba amati ndine chiswe chopita kusukulu.

Tsiku lina tikufolera nyumba ya agogo aakazi kumudzi, ndinatsegula thiranki ya malemu agogo aamuna. Pansi penipeni panali pepala lolimba, lamaluwamaluwa m'mbali. Chiswe chinali chitadya pakati ponse, koma chinandisiyira dzina la agogo, mawu akuti FIRST, ndi zilembo zitatu: BUR.

Mtima unagunda kuti thi! Burma! Ndipo FIRST ameneyo sangakhale china, ndi bataliyoni yoyamba ya King's African Rifles, ya kuno ku Nyasaland. Zaka zonsezi ndakhala ndikufukula agogo a eni, osadziwa kuti ngwazi ili m'magazi mwangamu.

Kufunsa agogo aakazi sindinafunse. Katswiri safunsa nkhalamba imene ikusenda chinangwa.

Ndinakwera minibasi mpaka ku Zomba, kukaima pa chipilala cha Keyala dzuwa likuswa mtengo, chala chikuyenda pa maina. Nditafika pakati ndipamene ndinakumbukira kuti maina amenewo ndi a anthu omwe anafera ku nkhondo, pomwe agogo anamwalira pamphasa pawo atadya nsima ya nkhwani. Sindinafooke. Ndinali nayo kale nyenyezi ya Burma Star yomwe ndinagula kwa munthu, kansalu kake kofiira pakati, kabuluu ndi timizere ta olenji m'mbali. Ubwino wake, mamendulo a Britain a nkhondo yachiwiri ankaperekedwa opanda dzina, osati ngati a nkhondo ya 1914 omwe ankadindidwa dzina ndi nambala ya msilikali. Mendulo yopanda dzina ndi mwana wamasiye, aliyense atha kulera. Ndinaiika m'felemu limodzi ndi pepala lija.

Pa Khirisimasi, abale atasonkhana pansi pa mtengo wa mango, ndinaimirira ndi felemu yanga. Ndinawafotokozera za 1944, mmene asilikali a kuno anatsikira chigwa cha Kabaw mvula ikukhuthuka, malungo akuwagwetsa, mpaka kukafika pa mtsinje wa Chindwin akuthamangitsa Ajapani. Zonsezo ndi zoona. Kungoti ndinawonjezamo agogo, mfuti paphewa, matope lekeza m'chiuno. Azakhali anayamba kupukuta misozi ndi chitenje. Amalume anavula chipewa.

Agogo aakazi anati, "Tabwera nacho kuno, mwanawe."

Anachiyang'ana chapafupi, kenako chapatali, nkuyamba kuseka mpaka kutsokomola.

"Agogo ako nkhondo? Munthu woti tambala akamuthamangitsa ankaitana ine? Nthawi ya Keyalayo anali kamnyamata kolusa mbuzi. Ichi anawapatsa mzungu wa ku esiteti, chaka chomwe fodya wawo anaposa matenanti onse. Fodya wa bale!"

Mdzukulu wina wa Fomu 2, amene palibe anamufunsa, anatchula chilembo chimodzichimodzi mokweza: B, U, R, L, E, Y.

Azakhali anasiya kulira pomwepo, ngati wina watseka mpopi. Amalume anabwezera chipewa kumutu mosafulumira, nkundifunsa kuti kodi Ajapani aja ankagula pa mtengo wanji pa kilo.

Ndinayesa kudziteteza kuti pepalalo ndi lakale ndithu, mbiri ndi mbiri. Agogo anavomera. Anati mphoto yake inali khasu ndi bulangete, ndipo bulangetelo linatha, koma khasu lilipo kuseri kwa nkhokwe ngati ndikufuna kuliikanso m'galasi.

Mendulo ija anailanda. Akuti ndi yabwino kumangirira kiyi wa thiranki, kuti akatswiri asamatsegulemo. Kumudzi tsopano ana akandiona ndikutsika basi amaima njo, nkuchita sailuti, nkukuwa kuti Sajeni Bale afika.