Tsiku limene mphwanga anakumana ndi Napolo papepala

Tinanyamuka pa Jali Lachisanu m'mamawa, pa holide ya Epulo, kunja kusanayere bwino. Tinalipo anthu 15: achinyamata 11 ndi akuluakulu anayi a kagulu kathu kowerenga mabuku, kamene kamakumana Loweruka masana m'kalasi ina ya pasukulu yapulaimale ya kwathu. Ndalama ya minibasi tinaisonkha kwa miyezi itatu, ina kuchokera m'matumba mwathu, ina ya zitumbuwa zimene atsikana ankagulitsa tsiku la msika. Cholinga chinali kukacheza ndi kagulu kanzathu ka ku Chinamwali, kukaona kumene boma limasunga zolemba zakale, kenako Loweruka kukwera phiri la Zomba.

Pa achinyamata 11 aja, mmodzi sanali membala. Ndi mwana wa achemwali anga, wa zaka 15, ali Fomu 2. Ndinamutenga chifukwa ndine malume wake ndipo za sukulu yake zili m'manja mwanga. Iye anavomera chifukwa cha phiri basi, ndipo ananeneratu zimenezo. Mnyamata ameneyu si wogona m'mutu. Tochi ikafa amaidzutsa, foni ikakana kutchaja anthu amabwera nayo kwa iye, osewera a Maule amawatchula mmodzimmodzi mpaka apabenchi. Koma mukangomupatsa buku, yankho lake ndi limodzi: "Amalume, mabuku amandipweteketsa mutu."

Ndinayesa zonse zimene ndinkaganiza kuti ndi nzeru. Ndinamugulira mabuku ndi ndalama yovuta kupeza. Ndinkamukhazika pakhonde ola lathunthu, akamaliza ndimufunse mafunso. Ndinamulandapo foni kwa mwezi. Choipa kwambiri, ndinkamuyerekeza ndi mlongo wake pamaso pa anthu. Chimene chinatuluka pamenepo ndi chakuti akandiona ndikubwera ndi chikwama ankadzera kuseri kwa nkhokwe.

Ku Chinamwali tinafika cha m'ma 8 koloko. Anzathuwo amakumana m'kaholo ka tchalitchi, ndipo chuma chawo chonse ndi mathiranki awiri a mabuku, ena opanda zikuto, ena omatidwa ndi selotepi. Ife tili ndi mabuku atsopano kuposa iwo. Komabe ana awo anali kulimbirana mabuku ong'ambikawo ngati mandasi otentha, pamene athu akhala bwinobwino pashelefu, fumbi lili mbuu.

Wotsogolera kumeneko ndi mayi wina wachikulire, mphunzitsi wopuma pantchito. Atatilonjera sanayambe ndi malamulo kapena zolankhula zazitali. Anatenga kabuku ka nthano za Chichewa, n'kukhala pampando, n'kunena kuti, "Padangotero!" Ana onse, ngakhale anyamata omera tindevu, anayankha kuti, "Tili tonse!" Anawerenga mokweza, akusinthasintha mawu, pena kunong'ona, pena kubangula. Atafika pokoma penipeni anatseka bukulo n'kuliika patebulo. Holo yonse inadandaula. Iwo anangoti, "Amene akufuna kudziwa mathero, buku ndi ilo." Manja anayi anafika patebulopo nthawi imodzi.

Ndinayang'ana mphwanga. Anakhala kumbuyo kwenikweni, chipewa chili kumaso, koma khutu linali komweko. Patebulo sanapite.

Pa nthawi ya tiyi ife akuluakulu tinakhala patokha, ndipo ndinawafotokozera mayiwo za mnyamatayu mosabisa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa mafunso awiri amene mpaka lero akundizungulira m'mutu. Loyamba: "Kodi amalume ake, mwanayo anakuonanipo inuyo mutagwira buku mukuseka nokha?" Lachiwiri: "Mwandiuza zimene amadana nazo. Nanga amakonda chiyani?" Loyambalo ndinalephera kuyankha, chifukwa ine ndimawerenga usiku ana atagona. Lachiwirilo ndinayankha, koma ndinazindikira kuti pa mabuku onse amene ndinamugulira panalibe ngakhale limodzi lokhudza mawaya, mpira kapena nyanja.

Anatifotokozera mmene iwo amazionera. Mwana wa kuno amakumana ndi buku koyamba m'kalasi yodzaza, buku limodzi ana angapo. Akafika Sitandade 5 maphunziro onse amatembenukira m'Chingerezi, ambiri asanachigwire. Akaimitsidwa kuti awerenge n'kupunthwa pa liwu, anzake amaseka. Kuyambira pamenepo buku ndi manyazi zimakhala chinthu chimodzi, ndipo kumapeto kwake kuli mayeso. Ndiye mnyamata wa zaka 15 akati mutu ukupweteka, nthawi zambiri akutanthauza kuti sakufuna kuchititsidwanso manyazi. Nchifukwa chake pakagulu kawo palibe kufunsana mafunso ngati a m'kalasi. Tsamba la zamasewero la m'nyuzipepala amaliwerengera ngati kuwerenga. Kabuku kazithunzi nakonso. Ndipo buku likakukana, uli ndi ufulu wolibweza osalimaliza n'kutenga lina. Mfundo yomalizayi inandivuta kuilandira, chifukwa ife tinaleredwa kuti chimene wayamba umalize. Mmodzi mwa anzanga anatsutsa poyera kuti kumeneko ndi kulera ulesi, ndipo mpaka pobwerera sanasinthe maganizo. Ine ndinayamba kuona kuti mwana wokakamizidwa kumaliza buku limodzi losamukomera akhoza kusiya mabuku onse.

Anatikumbutsanso za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Ali ndi zaka 14 ankabwereka mabuku m'kalaibulale kakang'ono ka pasukulu yapulaimale. Chingerezi chinkamuvuta, ndiye ankatsatira zithunzi, mpaka anapanga makina oyendera mphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu ndi zitsulo za njinga. Mayiwo anati nkhani imeneyi anthu amaikonda chifukwa cha magetsiwo, koma iwo amaikonda chifukwa palibe amene anamutuma mnyamatayo. Anali ndi funso lake, buku linali ndi yankho.

Masana tinalowa m'tauni. Zomba ndi tauni ya mapepala. Linali likulu la dziko lino mpaka 1975, ndipo Nyumba ya Malamulo inakhalabe komweko mpaka 1994. Kuli nyumba yosindikizira zikalata za boma, kuli yunivesite ku Chirunga kumene Chancellor College inasamukira mu 1973, kulinso likulu la MANEB. Titauza ana kuti mayeso a JCE ndi MSCE amakonzedwa m'tauni yomweyi, macheza m'minibasi anazizira kwa kanthawi. Pachipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda) tinangoima pang'ono kujambulitsa.

Ku National Archives, kosungira zolemba zakale kuja, ndi kumene ndikufuna kukhalitsako. Malo amenewa anayamba mu 1947, ndipo malinga ndi lamulo, buku lililonse losindikizidwa m'Malawi muno liyenera kukhala ndi kope yake kumeneko. Anatilandira bwino, natiuza kuti tisiye zikwama ndi zakudya, ndiponso kuti mapepala akale tiziwatsegula modekha chifukwa amathetheka. Anationetsa nyuzipepala zakale zomangidwa m'mabuku aakulu oti munthu anyamule ndi manja awiri. Ana ambiri anachita chidwi ndi zithunzi ndi mavalidwe a makedzana. Kenako bambo amene ankatiyendetsayo anafunsa ngati alipo ali ndi nkhani imene anamva kwa makolo yomwe akufuna kudziwa ngati inachitikadi.

Panali zii. Ndiye kuchokera kumbuyo ndinamva mawu a mphwanga, otsika, ngati akudzilankhulira yekha: "Za Napolo zija ndi zoona?"

Apa ndifotokoze. Amayi anga, agogo ake a mnyamatayu, amakonda kusimba za Napolo amene anadutsa m'Zomba iwo asanabadwe. Bambo awo ankagwira ntchito yophika m'nyumba ina ya azungu m'tauni, ndipo anaona ndi maso madzi akutsika m'phiri ndi miyala ndi mitengo. Agogo amati ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri chimene chimasamuka kupita kunyanja, ndipo chikamadutsa sichisiya kanthu. Mphwanga anakula akumva zimenezi, koma atafika kusekondale anayamba kuziika m'gulu la Kalulu ndi Fisi.

Bambo aja anamuuza kuti abwere kutsogolo. Patapita kanthawi anabwera ndi zolemba za Disembala 1946, mwezi umene chimvula choopsa chinagwa pa Zomba, mitsinje n'kusefukira, milatho n'kukokoloka, anthu n'kutaya miyoyo. Anamuikira patebulo. Mnyamata anavula chipewa yekha.

Zinali m'Chingerezi chakale, cha mawu olemera. Ndinaona chala chake chikuyenda pansi pa mzere, n'kuima, n'kubwerera. Mtima wanga unkanditumiza kuti ndipite ndikamuthandize, ndimuuze matchulidwe oyenera, mwinanso ndimufunse kuti wamvapo chiyani. Mayi a ku Chinamwali, amene anatiperekeza, anandigwira pamkono n'kupukusa mutu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinabwerera pambuyo. Patapita mphindi zingapo anadzutsa mutu yekha n'kufunsa mtsikana wina wa ku Chinamwali tanthauzo la liwu lina. Mtsikanayo sanalidziwe, ndipo anakafunsa limodzi kwa bambo aja. Atapeza dzina la mtsinje wa Mulunguzi m'katikati mwa Chingerezicho analitchula mokweza ngati wakumana ndi m'bale wake kuchilendo. Anzake anapita kuchipinda china, iye anatsala. Mnyamata amene pakhonde langa sankatha mphindi khumi osayasamula anakhala patebulo lija kupitirira theka la ola, ndipo tinachita kumuitana.

Potuluka sanandiuze chilichonse, inenso sindinafunse. Usikuwo tinagona m'kaholo komwe kaja, atsikana kunyumba za amayi a mpingo, titadya nsima ya matemba amene tinabwera nawo ngati mphatso.

Loweruka tinakwera phiri. Msewu wake ndi wokhotakhota, ndipo minibasi yathu inatentha injini tisanafike pamwamba. Tinataya pafupifupi ola tikudikira kuti izizire, mphwanga ali pambali pa adalaivala kuthandiza kuthira madzi. Tinafika padamu la Mulunguzi, limene limamwetsa tauni yonse, ndipo kuchokera pamenepo tinayenda wapansi ndi mnyamata wotilondolera njira. Mitengo ya paini yatha m'malo ambiri, zitsa zokhazokha, ndipo zinandimvetsa chisoni. Mumtsinje muli miyala ikuluikulu, ina yoposa nyumba ya maudzu. Mphwanga anaima pa umodzi n'kufunsa wotilondolerayo ngati madzi angathedi kusuntha mwala wotero. Anthu anayamba kukangana, ena akuti ndi chinjoka, ena akuti ndi dothi lokhuta madzi limene limagumuka pamalo otsetsereka. Iye anati zimene anawerenga dzulo lake sizinatchule njoka, zinangonena za kuchuluka kwa mvula. Kenako anawonjezera kuti koma amene analembawo sanafunse anthu ngati agogo awo a amayi ake. Mawu amenewo ndinawasunga.

Ulendo wopita ku Emperor's View ndi wautali ndipo ena anatsala m'njira. Malowa anapatsidwa dzinali chifukwa Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, anafikapo mu 1965. Kunja kunali koyera mvula itangotha kumene, ndipo tinaona phiri la Mulanje kutali, ndi nyanja ya Chilwa ikunyezimira, chilumba cha Chisi chili pakati. Ana anayamba kulozerana kumene kuli kwathu. Mkulu wina wa m'gulu lathu anasimba za kuuma kwa nyanjayi mu 1968 ndi mu 1995, ndipo achinyamata anakumbukira za 2018 pamene mabwato anakhala pamatope osweka ku Kachulu. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Mphwanga anali chete, kenako anandiyandikira. Aka kanali koyamba pa ulendo wonse kuti ayambe yekha kundilankhula.

"Amalume, za nyanja yathuyi zinalembedwanso?"

Ndinati inde, anthu a ku yunivesite akhala akuifufuza kwa zaka zambiri.

"M'Chichewa?"

Ndinamuuza zoona, kuti zimene ine ndinaziwonapo zonse ndi za m'Chingerezi. Anangoti, "Oho," n'kubwerera kwa anzake. Funso limeneli linandilasa, chifukwa timadzudzula ana kuti sawerenga pamene nkhani za pakhomo pawo m'chilankhulo chawo ndi zochepa.

Tisananyamuke madzulo, anzathu a ku Chinamwali anatibwereka mabuku 20 kuti tidzabweze akadzabwera kwathu m'mwezi wa Ogasiti, ifenso tinawasiyira 20 athu. Aliyense anasankha yekha. Mphwanga anafukula m'thiranki nthawi yaitali n'kutulutsa kabuku kopanda chikuto ka za nyengo ndi mitambo, kodzaza zithunzi. Si buku limene ine ndikanamusankhira. Ndinatseka pakamwa.

Pamsonkhano wathu wotsatira tinagwirizana zoyamba kuwerenga mokweza Loweruka lililonse, zosiya kufunsa ana mafunso a m'kalasi, ndi zoti aliyense wopita m'tauni azibwera ndi nyuzipepala ngakhale yakale. Za ufulu wobweza buku losamaliza sitinamvane, tidzakambirananso. Ulendo wina tidzafunika minibasi yamphamvu ndi nsapato zoyenera, chifukwa atsikana awiri anatupa mapazi.

Papita milungu isanu tsopano. Kabuku ka mitambo kaja sanakamalize, ndipo mabuku a kusukulu akuwaonabe ndi diso lomwe lija. Kukagulu kathu wabwerako kawiri, kamodzi anachoka pakati kukaonera mpira. Ine ndinasamutsa nthawi yanga yowerenga, tsopano ndimakhala ndi buku pakhonde madzulo dzuwa lisanalowe, pamene iye akukonza matochi ake pafupi. Sitiyankhulana zambiri.

Lamulungu lapitali ndinapita kwa amayi kukawaona. Ndinawapeza atakhala pamphasa akusola nandolo wouma, mdzukulu wawo ali pambali ndi kope ndi bolopeni. Amawafunsa za Napolo kuyambira pachiyambi: bambo awo anali pati, madzi anafika nthawi yanji, anamva phokoso lotani. Agogo akathamanga ankati, "Dikirani kaye agogo, ndilembe." Akawawerengera zimene walemba, iwo ankamukonza kuti sananene choncho, iye n'kufufuta. Anali atadzaza masamba atatu. Atandiona anatseka kopeyo n'kuikhalira, akuti ndisaone kufikira atamaliza, ndipo akufuna adzawerengere anzake a ku Chinamwali akadzabwera mu Ogasiti. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuwathandiza amayi nandolo uja.