Kuthokoza Ondithandiza pa Mbiri ya Kaputeni Earl Winsor

Ndikuthokoza kuchokera pansi pa mtima anthu a ku Newfoundland, chigawo cha dziko la Canada, amene anandithandiza pamene ndinkafufuza mbiri ya malemu Kaputeni Earl Winsor, mbadwa ya ku Wesleyville, amene anayamba ndi kuyendetsa sitima zapamadzi asanakhale phungu wa dera la Labrador North kuyambira 1956 mpaka 1971, kenako wa Fogo. Ndikuthokoza makamaka mayi wa kulaibulale amene anandifunyululira nyuzipepala zakale zong'ambika m'mphepete, osatopa nawo mafunso anga. Inunso agogo, asodzi opuma amene munanditambasulira mapu pathebulo n'kumandilozera ndi chala madoko a ku Labrador, mwandithandiza kumvetsa chifukwa chimene midzi yofikika pa sitima inafunira phungu wodziwa nyanja. Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni nonse.