Pa sitima ya Rovos kuchoka ku Pretoria mpaka ku Victoria Falls

Munthu wofuna kufika msanga ku Victoria Falls kuchokera ku Joni amakwera ndege, ndipo maola awiri asanakwane amakhala atatera kale. Sitima ya Rovos Rail mtunda womwewo imauyenda masiku atatu kapena anayi, ndipo sithamanga kupitirira makilomita 60 pa ola. Mtengo wake munthu wamba akaumva amagwira pakamwa. Ine ndi mayi akunyumba patokha sitikanaukwanitsa. Ana athu ndiwo anasonkherana nditapuma pantchito, chifukwa amadziwa kuti ndili mnyamata ku Balaka, sitima ikangolira ndinkasiya chilichonse n'kuthamangira kusiteshoni.

Ulendo umayambira ku Capital Park, siteshoni ya kampaniyi mumzinda wa Pretoria. Mwini wake, a Rohan Vos, anayamba bizinesiyi mu 1989 pogula mabogi ndi mainjini akale amene ankangochita dzimbiri, ena atagulitsidwa kale kwa odula zitsulo, n'kumawakonza amodziamodzi. Mainjini a malasha anawapatsa mayina a anthu a m'banja mwawo. Yakale kwambiri, yotchedwa Tiffany, inapangidwa mu 1893.

Anzathu apaulendo akulandira zakumwa m'chipinda chodikirira, ine ndinapita kukaima pambali pa injini imene inali pamoto tsikulo. Chinthu chimenechi chimapuma, abale. Chikangoima chokha umamva chikusisima, nthunzi ikutuluka m'mbali, madzi otentha akudontha pamiyala ya njanji. Wosonkhezera moto anatsegula kachitseko ka ng'anjo ndipo kutentha kunandiwomba kumaso ndili pansi. Anatapa malasha ndi fosholo, n'kuwaponya mokhotetsa dzanja kuti amwazikire ngodya zonse, osaunjikana pamodzi. Mnzake wachikulire ankazungulira mawilo ndi kachitini ka oyilo kokhala ndi mlomo wautali, akudontheza pamfundo iliyonse ya zitsulo zokankha mawilo, kenaka n'kugwira ndi kuseri kwa dzanja kuti amve ngati patentha kuposa muyeso. Sanayang'ane wotchi kapena pepala lililonse. Ntchito yonse inali m'manja mwake.

Ndinene pano kuti amene akukonzekera ulendowu adziwiretu: injini ya malasha imagwira ntchito pafupi ndi siteshoni pokha. Ulendo wautaliwo amakoka ndi mainjini a magetsi ndi a dizilo. Chifukwa chake n'chomveka. Injini ya nthunzi imamwa madzi ambiri zedi ndipo imafuna malasha pafupipafupi, koma mathanki a madzi ndi malo opakirira malasha amene kale anali m'mbali mwa njanji anagwetsedwa pamene South Africa ndi Zimbabwe anasiya sitima za malasha. Komanso m'chilimwe nsakali imodzi yochokera m'chumuni ikhoza kuyatsa tchire lonse. Choncho utsi umene umaoneka pazithunzi zotsatsa malonda munthu amaununkhiza tsiku loyamba, ndipo ine ndinaununkhiza mokwanira.

Za m'kati mwa sitima sinditaya nazo nthawi, poti zithunzi zake zili ponseponse pa intaneti. Sitimayi sinyamula anthu opitirira 72. Banja lililonse limakhala ndi chipinda chake chokhala ndi bedi, bafa ndi chimbudzi, makoma ake a matabwa opukutidwa mpaka kuwala. Mulibe wailesi kapena TV, ndipo amapempha kuti foni izikhala kuchipinda. Madzulo amaimba belu, abambo n'kuvala jekete ndi tayi, amayi madiresi awo abwino, n'kupita kukadya m'bogi ya m'ma 1920 yokhala ndi nsanamira zamatabwa. Chakudya n'chabwino, vinyo ndi wa ku South Africa komweko. Koma malo amene ndinawakonda ali kumapeto kwenikweni kwa sitima, kakhonde kopanda galasi komwe umakhala pabenchi n'kumaona njanji ikutsalira m'mbuyo. Kumeneko ndi kumene ndinaonera dziko likusintha: minda ya kumpoto kwa Pretoria, mapiri a Soutpansberg, kenaka milambe ndi tsanya pamene tinkayandikira Musina ndi mtsinje wa Limpopo.

Pa Beitbridge mtima wanga sunakhale m'malo. Mmalawi aliyense amene anapitapo ku Joni pa basi, kudzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, amapadziwa pamenepa: mizere yaitali padzuwa, kutsitsa katundu yense, amayi ana ali kumsana, kugona pansi kudikira kuti kuche. Ine ndinadutsapo motero ndili ndi mphamvu zanga. Ulendo uno ogwira ntchito musitima anangotolera mapasipoti athu n'kukatidindira, ife tili khale ndi kapu ya tiyi. Mayi akunyumba anasuzumira pawindo n'kuona mabasi ali ndandanda chapatali, anangoti, "Bambo, taonani anzathu." Tinakhala duu. Malire ndi amodzimodzi, mtsinje ndi womwewo, koma thumba ndi limene limanena kuti uwoloka bwanji.

Njanji inafika ku Bulawayo mu 1897, ndipo mzindawu unakhala likulu la za sitima m'dziko limene pano ndi Zimbabwe. Muli nyumba yosungirako zakale za njanji momwe muli mainjini akuluakulu a mtundu wa Garratt, opangidwa ku Manchester, okhala ndi mawilo oyendetsa kutsogolo ndi kumbuyo komwe kuti azitha kukhota bwino panjanji yopapatiza. Njanji yake ndi ya mulingo wa mamilimita 1,067, womwewo wa kwathu.

Ukachoka ku Bulawayo kulowera kumpoto chakumadzulo, umafika pamalo pomwe njanji imawongoka makilomita 114 osakhota, kuchoka ku Gwayi mpaka ku Dete. Mbali ina ya mtunda umenewu njanjiyo ndiye malire a nkhalango ya Hwange. Palibe mpanda. Uli pakhonde lija umaona mbidzi ndi nyumbu zikudya, akadyamsonga atatukula makosi pamwamba pa mitengo, njiri zikuthawa michira ili njo. Sitima inaima pakasiteshoni kakang'ono kam'tchire, ndipo magalimoto opanda denga anali akutidikira kale.

Hwange ndi nkhalango yaikulu kuposa zonse mu Zimbabwe, makilomita pafupifupi 14,600 m'mbali zonse, ndipo inakhazikitsidwa mu 1928. Dothi lake ndi mchenga wa Kalahari, ndipo m'dera lalikulu mulibe mtsinje woyenda chaka chonse. Woyang'anira woyamba, a Ted Davison, anaona kuti mvula ikatha nyama zimasamuka, ndiye anayamba kukumba mijigo n'kumapopera madzi m'maiwe. Mpaka lero ndi mmene zilili. Kale ankapopa ndi mainjini a dizilo, pano ambiri ndi a mphamvu ya dzuwa. Njovu zachuluka kupitirira 40,000, ndipo m'miyezi yotentha moyo wa zambiri umadalira mapampu amenewa. Chilala chikavuta, monga mu 2019 ndi mu 2023, njovu zambiri zimafera m'mbali mwa maiwe ouma.

Tinaima padziwe limodzi dzuwa litapendeka. Poyamba panali nswala zokha ndi anyani, ndi phokoso la pampu chapatali. Kenaka fumbi linayamba kukwera kuseri kwa migwalangwa, ndipo njovu zinatulukira, gulu lina pambuyo pa linzake, zikufulumira zitamva fungo la madzi. Zazikuluzikulu sizinafune madzi amatope a m'dziwe. Zinalunjika pomwe paipi imatulutsira madzi oyera, n'kumakankhana pamenepo. Kamwana kena, koti kakhoza kudutsa pansi pa mimba ya make, kanali kasanadziwe kugwiritsa ntchito chitamba. Kankachiviika, kukweza, madzi onse n'kutayika asanafike kukamwa. Mapeto ake kanagwada n'kumwa ndi pakamwa, chitamba chili m'mwamba, make ataima pambali mwendo umodzi atautchingira kuti zinzake zisakaponde. Tinakhala pamenepo mpaka kunayamba kuzizira, ndipo palibe amene anapempha kuti tipite kukasaka mikango.

Wotiyendetsa anali mnyamata wa zaka za m'ma 30. Atatimva tikulankhulana, anatembenuka n'kunena m'Chichewa chosakanikirana pang'ono ndi Chindebele, "Bambo, kodi ndinu a kumudzi?" Ndinadzidzimuka. Anatiuza kuti agogo ake aamuna anachoka ku Ntcheu ali mnyamata kudzagwira ntchito mumgodi wa malasha wa Wankie (dzina lakale la Hwange), anakwatira konkuno, ndipo sanabwererenso. Iyeyo ku Malawi sanafikeko, koma mfunda wake amaudziwa, ndipo anati m'makomboni a ku Hwange gule amavinidwabe. "Amayi, mukafika mukawapatse moni akwathu," anatero kwa mayi akunyumba potsanzikana, atagwira chigongono ndi dzanja linalo. Ana ndi zidzukulu za matchona alipo ambiri m'dzikoli, moti malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka.

Usiku umenewo ndinaganiza kwambiri za malasha. Njanji imeneyi sanaidutsitse kuno chifukwa cha njovu kapena mathithi. Anaikhotetsera ku Wankie chifukwa kunapezeka malasha, ndipo inafika kumeneko mu 1903. Malasha amenewo ndiwo ankayendetsa ma Garratt aja, ndipo ankapitanso kumigodi ya kopa ya ku Zambia. Owakumba ambiri anali anthu ochoka kutali, ena atayenda pansi milungu yathunthu kuchokera ku Nyasaland. Pa 6 June 1972 mgodi wa nambala 2, wa Kamandama, unaphulika ndipo anthu 427 anafa. Pakati pawo panali Amalawi, anthu a ku Zambia ndi a ku Mozambique. Mitembo yambiri sinatulutsidwe. Mgodiwo anangoutseka, n'kukhala manda awo. Ndimakonda injini za nthunzi ndi mtima wanga wonse, ndipo sindisiya, koma ndingakonde kuti aliyense wokwera sitima yokongola ngati imeneyi auzidwe nkhani ya Kamandama asanadutse pa Hwange. Ambiri amene tinali nawo, ochokera ku Ulaya ndi ku America, anali asanaimvepo. Nditawafotokozera patebulo anamvetsera mwachidwi ndipo anafunsa mafunso ambiri.

Ku Victoria Falls sitima imaima moyang'anana ndi hotela yakale imene inatsegulidwa mu 1904, chaka chomwe njanji inafika kumeneko. Mathithiwa, amene eni dera amawatcha Mosi-oa-Tunya, ndi otambalala mamita oposa 1,700, ndipo madzi a Zambezi amagwa mamita pafupifupi 108 pamalo akuya kwambiri. Tinanyowa mpaka m'kati ngakhale tinabwereka majasi a mvula. Mlatho wolumikiza Zimbabwe ndi Zambia unatha kumangidwa mu 1905, zitsulo zake zitachokera ku Darlington ku England, ndipo uli mamita 128 pamwamba pa madzi. Mtsamunda Cecil Rhodes ndiye anafuna kuti umangidwe pafupi chomwechi kuti madontho a mathithi azigwera pamabogi, koma anamwalira mu 1902 asanawaone n'komwe mathithiwo.

Kwa amene mukufuna sitima ya malasha yeniyeni koma thumba silikulola ulendo wonsewu, tsidya la Zambia ku Livingstone kuli Royal Livingstone Express, imene imakokedwa ndi injini ya nthunzi madzulo, anthu n'kumadya ili paulendo waufupi. Nayonso si yotsika mtengo, koma siyingafanane ndi inayi. Ku Hwange munthu akhoza kufikako pa basi kuchokera ku Bulawayo kapena ku Victoria Falls, n'kugona kumisasa ya boma monga Main Camp. Nyama zimaoneka bwino kuyambira July mpaka October pamene zimasonkhana pamaiwe, koma m'mawa wa June ndi July kumazizira koopsa pagalimoto yopanda denga, ndiye musaiwale juzi yokhuthala ndi mankhwala oteteza malungo. Ife tagwirizana kuti tidzabwererako pa basi kumayambiriro kwa June, kuti tikakhale nawo pamwambo umene umachitika chaka chilichonse wokumbukira anthu a ku Kamandama.